Moto Pansi pa Mawaya

Kapitawo ndiye adalamula kuti zinyalala za pafakitale zitenthedwe pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, ndipo kapitawo yemweyo ndiye adalemba m'lipoti kuti wosesa pabwalo, yemwe ankasonkhezera motowo, adafa akuba waya.

Mkazi wa malemuyo adakana kusaina lipotilo. Adanyamula fosholo yomwe idapezeka m'manja mwa mwamuna wake, yosungunuka kumlomo ngati kandulo, ulendo kwa mlamu wake wowotcherera zitsulo.

"Alamu, achimwene anu ankanjenjemera pongokwera pampando kusintha babu. Waya wakumwamba uja adamufikira bwanji?"

Mlamuyo adamuveka chigoba cha galasi lakuda, nayatsa makina. "Penyetsetsani. Ndodo yowotchererayi sikugunda chitsulo." Pakatipo padalidi kampata, koma moto wabuluu unkawolokapo, ukuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. "Mpweya wozizira umakaniza magetsi. Ukatentha kwambiri umasanduka msewu. Lawi likatalika n'kuyandikira mawaya, magetsi amatsika nalo ngati madzi m'paipi."

M'mawa mwake mayiyo adalowa muofesi ya bwana wamkulu osagogoda, nagwetsa fosholo ija pamwamba pa mapepala. Kapitawo adali chilili pawindo.

"Mayi, chisoni chanu tikuchimva," adatero kapitawo, "koma magetsi sauluka. Akadapanda kukhudza waya..."

"Nanga mphenzi imatsika pamakwerero?"

Bwana adatsokomola, nakankhira cholembera kwa iye. "Sainani kaye, zinazo tikambirana bwino."

"Sukulu ndidalekera kupulayimale, bwana, koma maso sindidawasiye komweko. Mtembo ndidauona ndekha. Zikhatho zidapsa motsata chigwiriro chachitsulochi, nsapato zidabooka kunsi. Mbala yanji yokwera pholo itagwira fosholo manja onse awiri?"

Mayiyo adachibweza cholemberacho ndi chala chimodzi. Adaganiza za ana ake, omwe anzawo kusukulu adali atayamba kale kuwaitana kuti ana a wakuba waya, ndipo mtima udamuwira. Adakoka mpando nakhala, osauzidwa.

"Mlandu suwola. Phulusa likadali pompo pansi pa mawaya. Tiyeni tonse, akapitawo akolezenso moto wawo, aime pomwe adaimika mwamuna wanga, fosholoyi ili m'manja. Ngati magetsi sauluka, akuopa chiyani?"

Kapitawo adayang'ana nsapato zake. Mwaye wa pafosholo udali utadetsa kale lipoti lija.

"Pano sindichoka," adatero mayiyo. "Ndiyankheni."