Paudala wa Mayi Womwewo

Pamsika ankawatchula kuti Mayi Womwewo, chifukwa ukawapempha kuti achotseko mtengo wa poto ankangoti, "Mtengo ndi womwewo," osakuyang'ana n'komwe. Ankagulitsa mapoto, mbale ndi makapu pa benchi ya pakona, moyandikana ndi mayi wina wogulitsa nsapato. Benchi imeneyo ndi imene inalera ana awo onse bambo wawo atamwalira.

Maso anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono. Iwo ankati ndi fumbi la mumsika. Mwana wawo wamkazi womaliza, amene ankachapa ndi kusita ku hotela, ndiye anawakokera kuchipatala. Madokotala anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anawapanga opaleshoni diso limodzi kaye, lina pambuyo pake.

Tsiku lochotsa bandeji yomaliza namwino anawafunsa kuti, "Amayi, mumadziphoda?"

"Nanga ndine mwamuna?"

"Zakale zonse mukataye. Pensulo, paudala, kasiponji. Zimasunga tizilombo, ndipo maso anuwa akadali ndi zilonda."

"Kutaya? Mukudziwa mtengo wake inu?"

"Ndikudziwa mtengo wa diso," anatero namwinoyo, n'kuitana wodwala wina.

Sanataye. Zodziphodera zawo zinkakhala m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, ndipo chitinicho chinali chachikulire kuposa mdzukulu wawo woyamba. Munali lipisitiki yomwe ankachita kuikolowola ndi kamtengo ka machesi, kapensulo ka nsidze kofupika ngati ndudu yosuta kale, ndi paudala. Paudalayo anamugula kalekale ali wofiirira bwino, wolingana ndi khungu lawo. Atayamba kuchepa, anaona kuti wa ana ndi wotchipa, ndiye ankathiramo wa ana n'kutakasa ndi supuni. Akachepanso, kuthiramonso. Chaka ndi chaka choncho. Ankadzitama nazo kuti anthu opanda nzeru ndi amene amagula watsopano.

Galasi analisiya kalekale, chifukwa ankangoonamo chithunzithunzi. Linasanduka popachika maduku. Nkhope yawo ankaidziwa ndi zala: apa tsaya, apa chipumi, apa nsidze.

Achipatala atawalola kubwerera kuntchito, anadzuka m'mawa, kusamba, kutulutsa chitini, kudziphoda monga mwa masiku onse. Ali pafupi kutuluka anakumbukira kuti tsopano ali ndi maso. Anachotsa maduku pagalasi paja.

Anaima nthawi yaitali. M'galasimo munali munthu woyera mbuu ngati wagwera m'thumba la laimu, khosi lakuda pansi pake. Paudala anali atadzaza m'makwinya onse, mzere uliwonse kuonekera ngati ming'alu ya khoma. Nsidze ina inali pamwamba, ina inapita cha kukhutu. Lipisitiki inali itadutsa mlomo.

"Iwe," anaitana. "Tabwera kuno."

Mwana wawo analowa ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Ndinkayenda chonchi ine?"

Mwanayo anayang'ana m'kapu.

"Ndikufunsa iwe, osati kapuyo."

"Masiku ena zinkakhalako bwino, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Papita zaka ndithu."

"Ndiye iwe unkandiyang'ana ndikutuluka pakhomo pano ngati chidole cha m'munda, n'kumandiuza kuti muyende bwino?"

"Ndinakuuzanipo kamodzi kuti paudala wachuluka. Munandiuza kuti ndikadzabereka wanga ndidzamulamule."

Mayi Womwewo anakumbukira kuti anaterodi. Anakhala pabedi. Anaganiza za msika wonse: ogulitsa tomato, anyamata a mawilibala, makasitomala amene ankawakalipira ali ndi nkhope imeneyi. Anthu onsewo ankaona, n'kumakaseka kuseri.

"Kumsika sindipitanso," anatero.

Anasukusula, kuvala duku, n'kukhala pakhonde la kuseri. Tsiku linapita, lina linapita. Mwana wawo ndiye ankatsegula benchi chiyambire opaleshoni, koma tchuthi chake cha ku hotela chinali kutha. Madzulo ena anabwera ndi uthenga wa mkulu wa msika: benchi yosatsegulidwa imapatsidwa kwa wina, ndipo ofuna malo a pakona ndi ambiri. Lolemba mwini wake aoneke.

"Pitani osadzola kanthu," mwanayo anatero.

"Kuti aziti taonani, wazindikira tsopano? Ndikhale nkhani ya msika wonse?"

"Ndiye tiyeni tikagule zodziphodera zina."

"Tiyeni ndi ndani? Iwe amakubera ndi kumwetulira komwe. Ndipita ndekha."

Loweruka anakwera basi kupita mbali ina ya tauni, kumene ankaganiza kuti palibe owadziwa. Chitini anachikulunga m'jumbo. Anadutsa masitolo awiri chifukwa munali atsikana a zikhadabo zitalizitali. Yachitatu inali yaing'ono, pakati pa telala ndi wokonza mafoni, ndipo pakauntala panali mayi wa msinkhu wawo, imvi zili poyera, magalasi ali pamphuno.

Mayi Womwewo anaika chitini pakauntala. "Ndikufuna paudala wokwirira zonsezi," anatero akuloza nkhope. "Wamphamvu. Ndipo musandinamize mtengo, inenso ndimagulitsa."

Wasitoloyo anatsegula chitinicho, kutapa paudala ndi chala, kununkhiza.

"Uyu ndi wa ana."

"Ndi wosakaniza."

"Wosakaniza ndi chiyani? Wa ana ndi wa ana mnzake?" Anatseka chitini n'kuchikankhira kumbali. "Khalani apa. Vulani duku."

Anawapukuta ndi thonje lonyowa, kuwagwira chibwano, kuwatembenuzira uku ndi uku ngati munthu wosankha poto.

"Khungu lanu ndi labwino, koma lili ndi ludzu. Pa msinkhu wathu uno khungu silifuna ufa, limafuna mafuta. Mukalithira ufa, umakakhala m'makwinya, ndiye m'malo mowabisa mumawalemba ndi choko."

"Ine ndabwerera paudala."

"Paudala wamphamvu ndili naye, ndipo ndi wodula kuposa zimene ndikufuna kukupatsani. Mukafuna kundilemeretsa nenani."

Wogulitsa wokana kugulitsa chodula Mayi Womwewo anali asanamuonepo.

Wasitoloyo anayamba ndi mafuta opepuka, opanda fungo, kuwapaka ndi nsonga za zala, n'kunena kuti adikire alowe. Kenako anatulutsa timabotolo titatu ta faundeshoni, mafuta aja okhala ndi mtundu wa khungu. Mayi Womwewo anatambasula dzanja kuti ayeserepo.

"Bwezani dzanjalo. Dzanja lapsa ndi dzuwa ndi sopo, si mnzake wa nkhope." Anawalemba timizere titatu pa nsagwada, pomwe nkhope imakumana ndi khosi, n'kuwapatsa kagalasi. "Tulukani panja. Magetsi a m'sitolo ndi aboza."

Anaima pakhomo, padzuwa, telala akuwayang'ana. Kamzere kena kanali koyererako, kena kofiira ngati njerwa. Kachitatu sanakaone.

"Mwalemba tiwiri tokha," anatero atalowa.

"Titatu. Komwe simukukaonako ndiye kanu."

Anawadontheza pang'ono chabe, ngati njere ya mpunga, n'kuwaonetsa kusisita kuchokera pakati pa nkhope kupita kunja, osaunjika pansi pa maso. Pensulo anasankha yabulauni, osati yakuda. Anati nsidze sajambula mzere umodzi ngati malire a munda, amangodzaza mofoka momwe tsitsi lachoka. Lipisitiki yofiira kwambiri anaikana, kuti imathawira m'timizere ta m'mbali mwa mlomo. Anawapatsa yofewa, yakuda pang'ono kuposa mlomo wawo.

"Nanga paudala?"

"Kochepa, pamphuno ndi pachipumi pokha, kukatentha. Kasiponji muzikachapa ngati mmene mumachapira mbale. Ndipo chinthu chikayamba fungo kapena kuuma, chatha. Osathiramo madzi, osathiramo mafuta ophikira. Ndikukudziwani anthu a mtundu wanu."

Mayi Womwewo anayang'ana m'galasi. Makwinya analipo onse, palibe linathawa. Koma inali nkhope ya munthu, yofanana ndi khosi lake. Inafanana ndi ya malemu mayi awo ali ndi mphamvu zawo. Anaika galasi pansi msanga.

"Chabwino. Zonsezi pamodzi, mundichotsera bwanji?"

Wasitoloyo anatsitsa magalasi. "Mtengo ndi womwewo."

Ananena ndi mawu enieni a Mayi Womwewo, mpaka ndi kupotoza khosi komwe.

"Mumandidziwa?"

"Ketulo yanga ndinagula kwa inu. Ndinakuchondererani mpaka kukhosi kuuma."

Mayi Womwewo anatola duku lawo. Tauni yonse anaiwoloka kuthawa owadziwa, n'kudzakhala pampando wa mmodzi wa iwo. "Ndiye inunso munali m'gulu la oseka."

"Ndinaona, sindikana. Koma sindinaseke. Munandipatsa ketulo mukuyang'ana pambali panga, ndiye ndinadziwa kuti mayiwa maso akuvuta. Ndinadabwa kuti mukukwanitsa bwanji ntchito. Ndinafuna kukuuzani za paudalayo, koma mmene munandikalipira za mtengo, ndinati ndisafere za eni."

"Ketuloyo ikudontha?"

"Ayi."

"Ndiye mukudandaula chiyani?"

Anakangana mpaka telala anasuzumira kuti aone ngati kuli ndewu. Mtengo sunatsike. Koma Mayi Womwewo anatuluka ndi kasiponji ndi kachikwama ka zipi zaulere, ndipo wasitoloyo analonjezedwa chivundikiro cha poto. Chitini chija Mayi Womwewo anachisiya m'bini la m'sitolomo. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mwandithandiza," anatero, mawu akutuluka movuta ngati chitseko cha dzimbiri.

"Pitani, musandilirire pano."

Lolemba anadzuka, kupaka mafuta, kudikira alowe ngakhale kudikira kunali kowavuta, n'kuchita zonse monga anawaonetsera. Mwana wawo anaima pakhomo la chipinda.

"Usanene kanthu," anatero mayiwo. Kenako anati, "Ayi, nena. Kuyambira lero uzinena."

"Nsidze ya kumanzere yatalikako pang'ono."

Anaipukuta ndi chala. "Wachita bwino."

Mayi Womwewo anafika pageti la msika. Anadutsa ogulitsa tomato akuyang'ana kutsogolo ngati msilikali, makutu ali tcheru kudikira kuseka. Wina anati, "Mwachira, amayi?" Wina anati, "Takusowani." Panalibenso china. Mkulu wa msika anawaona, kugwedeza mutu, n'kupitirira.

Wansapato uja anali akuyala katundu wake. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi kuchipatalako amasinthanso nkhope?"

"Khalani chete. Zaka zonsezi tili limodzi pano, inu osandiuza kuti ndikuyenda ngati mzukwa?"

"Kukuuzani inu? Ndili ndi ana ofuna kulera, anzanga."

"Munkaseka."

"Poyamba, pang'ono. Titazindikira kuti ndi maso, tinasiya. Mtsikana wina wa matumba anayerekeza kukupatsani dzina, tinamukhazika pansi ine ndi amayi a tomato, sanabwerezenso." Anapitiriza kuyala nsapato. "Mukuganiza kuti ndinkakuwa dzina la kasitomala aliyense chifukwa chokonda moni? Ndinkafuna mudziwe amene waima patsogolo panu. Nanga mbale zong'aluka zija, mukuganiza kuti zinkapita zokha pansi pa benchi?"

Mayi Womwewo anayamba kutulutsa mapoto m'katoni, kuwapukuta limodzilimodzi, ngakhale anali oyera kale. Anasankha kapu yabwino kwambiri, ya maluwa abuluu, n'kuiika pakati pa nsapato za mnzawoyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Kapu. Simukuona? Kapena nanunso tikuperekezeni kuchipatala?"

Wansapatoyo anaseka, mutu chagada. Apa m'pamene Mayi Womwewo anamuona bwinobwino koyamba patapita zaka: anali atakalamba nayenso, masaya atagwa, ndipo wigi yake inali itapendekera kumodzi.

"Anzanga, wigi yanu yakhota. Ndipo muli ndi lipisitiki pa dzino."

Wansapatoyo anagwira kumutu msangamsanga. "Kuyambira liti?"

"Ndidziwa bwanji? Ine ndangoyamba kuona kumene. Sunthirani kuno ndikukonzeni, makasitomala asanayambe kubwera."