Ndemanga za Pansi pa Sofa Yofiirira

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ali ndi shopu yopanga masofa ndi mabedi, ndipo ine ndine wolandira makasitomala. Sukulu ndinaisiya isanandisiye, koma pakamwa ndinabadwa napo. Kasitomala akakayikira sofa, ndimadziponyapo ndi thupi langa lonseli kuti aone kuti sithyoka, kenako ndimamuuza kuti ya mtundu umenewu yatsala imodzi, ngakhale kuseri zili zinayi. Kuseri komweko kuli kachipinda kanga, pakati pa zitini za vanishi ndi milu ya siponji. Fungo lake ndinalizolowera moti ndikagona kwina mutu umandiwawa.

Chaka chatha makasitomala anayamba kusowa. Panadutsa sabata yathunthu amene analowa m'shopu anali munthu mmodzi yekha, wofunsa njira ya kuchipatala. Alamu anaitana mayi wina wodziwa za makompyuta kuti atipangire tsamba la pa intaneti. Tsambalo linapangidwa, zithunzi za masofa zikuwala ngati zadzola mafuta, koma pakhomo pa shopu panali ziii.

Mayi uja atabweranso anatsegula laputopu yake pa benchi lopalirapo matabwa n'kutionetsa vuto. Anati munthu akalemba pa foni kuti akufuna masofa abwino, makina osakira zinthu amamuyalira mashopu pamndandanda, ndipo ife tinali pa tsamba la 9. Kumeneko, anatero, kumafika munthu amene chala chamuterereka. Anati makinawo ali ngati munthu woyenda mumsika, amaima pomwe pali anthu akulankhula. Pansi pa chithunzi chilichonse pali malo olembapo ndemanga. Anthu akamalembapo, tsamba limaoneka lamoyo, mawu amachuluka, owerenga amachedwapo, ndipo makina amalikweza. Lamulo lina linali loti ndemanga iliyonse iziyankhidwa, ingakhale yotukwana.

Alamu anachotsa pensulo kukhutu n'kundiloza nayo.

"Alamu, paja inu kulankhula si vuto. Ndakupatsani miyezi iwiri. Tikapanda kufika pa tsamba loyamba, ndiye kuti wolandira makasitomala alibe womulandira, ndipo m'kachipinda kaja ndiikamo matabwa."

Ananena akumwetulira, koma madzulo ake ndinawaona akuyeza khomo la kachipindako ndi tepi.

Ndinayamba ndi makasitomala akale. Ndinaimbira anthu makumi atatu. Onse analonjeza, analemba mmodzi, ndipo analemba mawu amodzi oti "chabwino". Ndinamuyankha ndi ndime ziwiri zothokoza. Kenako ndinayamba kulemba ndekha, lero ndine namwino, mawa mphunzitsi wopuma ntchito, mkuja mkwatibwi. Mayi wa makompyuta anandigwira pasanathe sabata. Anati ndemanga khumi ndi ziwiri zachokera pa foni imodzi, ndipo namwino, mphunzitsi ndi mkwatibwi onse amayamba ndi "kunena zoona". Makina si mwana, anatero. Pakufunika anthu osiyana, mafoni osiyana, mitima yosiyana.

Anthu amene sangakukanire ndi abale. Kunyumba kwa alamu kuli azimayi awiri okhala ndi mafoni abwino: achemwali anga, ndi mayi awo a alamu, omwe ine ndimawatchula kuti a Inspekita chifukwa akalowa m'chipinda amayamba ayendetsa chala pamwamba pa kabati asanapereke moni. A Inspekitawa anabwera kudzachira mwendo kwa milungu iwiri. Mwendo unachira kalekale.

Ndinapita kwa aliyense payekha. Achemwali ndinawapeza akuyanika zovala, ndinawauza kuti m'banja monse ndi iwo okha amene ndingawadalire pa ntchito yachinsinsi imeneyi. A Inspekita ndinawapeza pakhonde, ndinawauza mawu omwewo osasintha ngakhale amodzi. Malangizo anali ochepa: dzina lenileni ayi, lembani ngati kasitomala, yamikirani katundu. Achemwali anasankha kukhala Mayi Wokhutira. A Inspekita anasankha Kasitomala Wakale.

Masiku awiri oyamba anayamikira katundu ngati anthu otumidwa. Mayi Wokhutira anati tebulo lathu linamubwezera chimwemwe m'banja. Kasitomala Wakale anati kabati yathu ndi yoti ungasiyire zidzukulu. Palibe anawerenga kupatula ine. Tsiku lachitatu, pansi pa chithunzi cha sofa yofiirira, yofanana ndi imene ili pabalaza pawo, Kasitomala Wakale analemba kuti:

"Sofa iyi ndi yapamwamba. Amene anaipanga analeredwa bwino, zikuchita kuonekera pa kakhomedwe ka misomali. Kungoti sofa yotere imafuna nyumba imene mkazi wapakhomo amadziwa kuti kunsi kwa mpando kumasesedwanso."

Sipanathe ola, Mayi Wokhutira anayankha:

"Inenso ndili nayo, ndi yolimba zedi. Kwathu kunabwera mlendo wa milungu iwiri, pano tikulowa chaka chachitatu ali pompo, koma siponji yake sinaphwe."

Ndinawerenga ndili m'shopu. Ndinaganiza zofufuta, koma ndinakumbukira tepi ija. Ndinayankha m'dzina la shopu kuti tikuthokoza makasitomala onse awiri, ndipo sofayi iliponso yabuluu.

Lamlungu masana ndinapita kukaona ngati nyumba ikadalipo. Ndinawapeza atakhala pa sofa yomweyo, wina mbali iyi wina mbali iyo, aliyense maso pa foni. Ulemu unali wosefukira. Achemwali anafunsa ngati amayi angamwe tiyi, a Inspekita anati zikomo mwananga, usavutike. Zala zokha ndi zimene zinkathamanga, ndipo foni yanga m'thumba inkangonjenjemera. Pomwe ndinkatsanzika n'kuti nkhani itafika pa poto amene anapserera chaka cha ukwati, ndi pa makatani amene wina anasintha mwini nyumba atapita kumsika.

Kenako anthu achilendo anayamba kulowerera. Mayi wina analemba ndime zisanu za apongozi ake amene amawerenga mazira m'firiji. Bambo wina anati ana a masiku ano alibe mwambo, ndipo anthu makumi anayi anamugwera. Panabuka magulu awiri, la Kasitomala Wakale ndi la Mayi Wokhutira, ndipo ena ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati agogo ayankha. Ine ndinkayankha aliyense, wotukwana ndi wolira yemwe, n'kumawakumbutsa kuti timapanganso mabedi.

Patatha mwezi mayi wa makompyuta anabwera nkhope ikuwala. Anati chiyambire ntchito yake sanaonepo anthu akukhala mphindi khumi ndi imodzi pa tsamba la mipando. Pa masofa abwino tinali titafika pa tsamba lachiwiri. Anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti munthu akalemba "apongozi osachoka pakhomo", timatuluka pamwamba penipeni, kuposa alangizi a mabanja. Alamu sanamve mbali imeneyo chifukwa makina ochekera anali akulira. Iwo ndemanga sankawerenga, ankangofunsa kuti zafika zingati, ngati munthu wowerenga nkhuku.

Makasitomala anabwerera. Ankalowa n'kufunsa sofa ya apongozi ija. Bambo wina anandikokera pambali n'kufunsa ngati tingamupangire ina yooneka bwino koma yolimba ngati benchi la kupolisi, yoti mlendo asathepo masiku atatu. Alamu anapanga osafunsa chifukwa, ndipo zinagulidwa zisanu ndi imodzi.

Walira mvula walira matope. Tsiku lina mayi wina, akudikira lole yodzanyamula sofa yake, anayamba kuwerengera mnzake mokweza ndemanga ya m'mawa umenewo. Mayi Wokhutira anali atalemba za mwamuna wa zaka makumi anayi ndi zisanu amene amavala malaya achikasu Lachiwiri lililonse chifukwa amaopa kuuza mayi ake kuti sawakonda malayawo. Linali Lachiwiri. Alamu anayang'ana malaya awo, mayi uja anayang'ana alamu, ndipo anasiya kuwerenga pakati pa chiganizo.

Shopu inatsekedwa nkhomaliro isanakwane. Zimene zinachitika kunyumba sindinazione, koma ndinamva kuti alamu analankhula maola awiri, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, ndipo azimayi onse analira n'kukumbatirana. Tsiku lomwelo Kasitomala Wakale analemba kuti mpongozi ndi mwana ngati wobereka wekha. Mayi Wokhutira analemba kuti nyumba yopanda wamkulu ilibe mthunzi.

Anthu sanakondwe nazo. Wina analemba kuti "basi zatha?" Wina anati agogo agonja msanga. Patatha masiku atatu panalibenso wolemba. Mtendere ndi wabwino, koma palibe amauwerenga. Tinatsika kuchoka pa tsamba lachiwiri kufika pa lachinayi, miyezi iwiri ija itatsala ndi masiku khumi ndi awiri. Ndinabwereka foni ya dalaivala wa lole n'kulemba ngati mpongozi watsopano wolusa, koma owerenga anandizindikira pa mzere woyamba. Wina anati mkwiyo wangawo ulibe mchere.

Ndinauza alamu kuti mtendere wawo watigwetsa ndi masamba awiri. Anandiyankha kuti kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu akudya chakudya osayang'ana nkhope ya munthu aliyense, ndipo za masamba ndi zanga. Sanandikalipire. Anangoitanitsa matabwa atsopano n'kuwaunjika pafupi ndi khomo la kachipinda kanga, moti polowa ndinkachita kupendekeka.

Ndinapita kunyumba kuja kukapempha kuti azikanganako pang'ono, ngakhale mwachiphamaso, kawiri pa sabata. Ndinawapeza akusankhira limodzi makatani m'kabuku. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako a Inspekita anavula magalasi.

"Bambo inu, si munandiuza kuti m'banja monse mumadalira ine ndekha?"

"Nanenso anandiuza zomwezo, amayi," anatero achemwali. "Mawu ake omwewo. Uyu anayamba kunama asanamere mano."

Anandisambitsa chokweza. Wina akapuma mnzake ankalandira. Zinatuluka za ulesi wanga, za mkazi amene ndakhala ndikuti ndimukwatira chaka chamawa kwa zaka zisanu ndi zitatu, za tsiku limene ndinagona pa bedi la kasitomala n'kunyamulidwa nalo mpaka pa lole. Sindinaonepo anthu awiri akugwirizana chonchija. Ndili chiimire pakati pa balaza, ndinaona kuti katundu wabwino akungotayikira pansi.

"Amayi, achemwali, zonsezi ndi zoona," ndinatero. "Koma musaziwonongere pakamwa. Pano akumva ndi makoma okha. Lembani."

Anayang'anana. Achemwali anandifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndinati ndikudziwa, bola alembe pansi pa chithunzi cha bedi lalikulu, chifukwa mabedi sakuyenda malonda.

Anandipatsa dzina loti Mlamu Wakuseri. Pofika Lachisanu magulu awiri aja anali atabwerera n'kusanduka gulu limodzi. Zinaoneka kuti nyumba iliyonse ili ndi wakuseri wake, ndipo aliyense ankafuna kunena za wake. Analipo ondiikira kumbuyo, koma anali amuna okhaokha, ndipo onse ankalemba nthawi imene anzawo ali kuntchito. Ngakhale alamu analembako kamodzi. Anabisa dzina, koma ndi ndani winanso amene akudziwa kuti ndimayanika masokosi pa makina ochekera?

Kutatsala masiku awiri, mayi wa makompyuta anaimba foni kuti tili pa tsamba loyamba, achitatu kuchokera pamwamba. Alamu anandigwira chanza n'kunyamula okha matabwa aja kupita nawo ku shedi. Kachipinda n'kanga. Makasitomala tsopano amalowa, n'kuyang'ana mabedi pang'ono, kenako n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali. Mayi wina anandifunsa ngati za lole zija n'zoona, ndipo nditavomera anagula bedi la mtundu womwewo, akuti liyenera kuti limagonetsa tulo.

Chovuta n'chakuti pamwamba sapakhala munthu wopinda manja. Mayi wa makompyuta akuti pakufunika ndemanga zatsopano zosachepera zitatu pa tsiku, apo ayi titsikanso. Ndinafunsa achemwali mwaulemu ngati nkhani zanga sizili pafupi kutha, kuti mwina tiyambe kuganizira za munthu wina m'banjamu, mwachitsanzo amalume.

"Usadandaule," anatero osachotsa maso pa foni. "Ine ndi amayi tinakonza kale ndondomeko. Pano tikadali pa zimene wachita uli ndi ndevu. Za ubwana wako sitinazikhudze n'komwe, ndipo zithunzi ndazipeza."