Zilembo Zitatu pa Sikirini

Mumsika wa ku Edmonton, ku London, aliyense ankamudziwa kuti ndi Collen Chimwaza, wokonza magemu akale. Kashopu kake kanapanikizika pakati pa wogulitsa nsomba ndi mayi wa mawigi, ndipo ukalowamo ndi funso limodzi unkatuluka utamva ulaliki wonse. Koma dzinalo silinali lake. Iye anali Lasten.

Collen weniweni anali mnzake wa pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi, ku Zimbabwe, komwe makolo awo ochokera ku Malawi ankagwira ntchito. Awiriwa ankafanana moti m'komboni ankawatchula mapasa. Collen atangopeza pasipoti ndi chilolezo chobwera kuno, anadwala mutu n'kumwalira. Anthu ali kalikiliki ndi maliro, Lasten anatsegula sutikesi ya malemuyo n'kutengamo pasipotiyo. Tsopano panali patapita zaka zoposa makumi awiri, ndipo mapepala ake, ukwati wake ndi dzina la ana ake, zonse zinatsamira pa munthu amene anali m'manda. Mkazi wake Dainess, wa ku Chipata, sankadziwa kanthu.

Loweruka lina masana, mvula ikuwaza, munalowa mayi wina atavala yunifolomu ya osamalira odwala mkati mwa jekete. Sanayang'ane mashelefu. Anangolunjika pa makina aakulu a pakona, aja oponyamo khobidi, n'kufunsa m'Chingerezi ngati akugwira ntchito.

Apa ndiye anamupalamula dala mlaliki. Lasten anafotokoza kuti gemu imeneyo inabadwira ku Japan, ndipo kumeneko inali nkhani ya mnyamata wa ndodo yansungwi amene ankadutsa m'manda kufunafuna mlongo wake wotengedwa ndi mizukwa. Poitumiza ku Ulaya, amalonda anaopa kuti makolo a kuno sangagulire ana awo zinthu zamaliro. Choncho mizukwa anaisandutsa maloboti, ziliza zinakhala migolo ya mafuta, magazi anawapaka utoto wakuda. Wansembe wowaza madzi odalitsa anasanduka makaniko. Mnyamata uja anamuveka magalasi ndi tsitsi lachikasu, anamupatsa dzina lachizungu, ndipo pabokosi analembapo mutu wina woti ngakhale amene anaipanga sakanaizindikira.

"Koma anasintha khungu lokha," anatero akusisita makinawo. "Mkati ndi yomweyo. Polumphira ndi pomwepo, pofera ndi pomwepo."

Mayiyo anayankha m'Chichewa, Chichewa chake chija cha m'komboni chotsamira ku Chishona.

"Ife tinkangoitchula ya Manda."

Dzina limenelo silinalembedwepo pabokosi lililonse padziko lapansi. Linali la ana a pa famu imodzi yokha, pomwe mwini sitolo anabweretsa makina achi Japan kuchokera ku Joni, olembedwa zilembo zomwe palibe ankatha kuwerenga. Lasten anamuyang'anitsitsa mayiyo koma nkhopeyo sinamuuze kanthu. Munthu wanzeru akananena kuti makina awonongeka n'kutseka shopu. Koma Lasten anali ndi matenda amodzi osachizika: sankatha kukana munthu akamupempha kuti aonetse luso lake. Mayiyo atati akufuna angoona pang'ono mmene imaseweredwera, iye anaponya khobidi.

Manja anayamba okha. Analumpha migolo, anagwetsa maloboti, ndipo atafika pamlatho anachita zimene ankachita kalekale: anabwerera m'mbuyo, anagwaditsa mnyamatayo n'kudikira kuti chimdani chachikulu chidutse pamwamba pake. Kumbuyo kwake mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. Kenako anayamba kutchula zinthu mayina ake akale chapansipansi, uwo mzukwa, icho chiliza, uyo wansembe. Lasten sanaonenso maloboti. Anamva fungo la palafini ndi matemba a m'sitolo muja, ndi mpweya wa Collen pakhutu pake akumuuza kuti alumphe.

Mnyamata wa magalasi atafa, sikirini inapempha dzina la wopambana. Zaka zonsezi Lasten ankalembapo COL osaphonya. Tsiku limeneli zala zinathamanga kuposa mutu, ndipo pamene amazindikira, pamwamba pa mayina onse panali pakuthwanima LAS.

Anafuna kuzula chingwe cha magetsi, koma mayiyo anali ataima pomwepo.

"Ndine Tabeth," anatero. "Kamtsikana kaja kankaima pakhomo la sitolo katabereka mwana. Simunkandiona, achimwene Lasten, koma ine ndinkakuonani."

Anali mlongo wake wa Collen, wamng'ono kwambiri m'banjamo. Mantha amene Lasten anawanyamula zaka zonse anali a anthu a boma a masuti ogogoda pachitseko, osati a mayi wonyowa ndi mvula wonyamula chikwama cha shifiti.

Tabeth analankhula mosakweza mawu, ngati akupereka malipoti a wodwala. Anati munthu wina wa kutchalitchi atabwerera kumudzi anakauza mayi awo kuti waona dzina la mwana wawo pachikwangwani ku London. Mayiwo tsopano ndi okalamba, maso anafa, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakana kupitanso kumanda. Amati m'bokosi muja anakwiriramo thunthu la nthochi, mwana wawo ali moyo, kungoti wawataya. Chakudya amachita kuwakakamiza. Usana wonse amakhala pakhonde, foni ili pamiyendo.

Lasten anapepesa, anatchula ana ake, anatchula Mulungu. Anafunsa chimene Tabeth akufuna, chilichonse, kuti nkhaniyi ithere m'shopu momwemo. Tabeth ankangoyang'ana zilembo zija zikuthwanima.

Ndi pamene Dainess analowa akukutumula ambulera, kontena ya chakudya ili m'manja.

"Ba Collen, mwaiwala futi lanchi yanu," anatero, kenako anaona mlendoyo n'kumupatsa moni.

Lasten anasuntha n'kubisa sikirini ndi msana wake. Anayang'ana Tabeth ndi maso opempha, akudikira mawu amene agwetse nyumba yake. Tabeth anaika chikwama pansi, anapinda mawondo mwaulemu, n'kugwira dzanja la Dainess ndi manja awiri.

"Muli bwanji, alamu? Ndine Tabeth, mlongo wawo wa a Collen."

Dainess anatsala pang'ono kutaya kontena. Anamukumbatira mlendoyo, anakalipira mwamuna wake kuti ndi munthu wotani wobisa mlongo wake zaka zonsezi, iye amene ankati abale ake onse anatha. Misozi ili m'maso anati mawa lomwelo akaweruka kutchalitchi abwere kunyumba, ana adzaone azakhali awo. Tabeth anavomera, analemba nambala ya basi pafoni yake, n'kunyamula chikwama. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mawa ndidzawaimbira amayi tili pamodzi, ana ali pomwepo," anatero. "Mukonzeke, achimwene. Maso alibe, koma mawu a mwana wawo amawadziwa."