Nsalu ya Pabedi M'diresi la Maluwa

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anafika ndi diresi m'pulasitiki akumwetulira mpaka m'makutu. Ukwati wake unali pafupi, ndipo mwana wanga wamkazi anasankhidwa kukhala pamzere wa ana onyamula maluwa. Diresilo linali loti mwanayo adzavale. Nditalowetsa dzanja m'kati mwa diresilo, ndinalitulutsa msanga. Linali la nayiloni, lokanda ngati sefa, msoko wa m'khwapa wolimba, ndi kalebulo kolasa pakhosi.

Mwana wangayu ali ndi chikanga. Khungu lake la m'khosi, m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo silifuna masewera. Likakumana ndi nsalu yolakwika kapena thukuta, amakanda mpaka magazi. Panyumba amavala za thonje zokhazokha, zomasuka, ndipo malebulo ndimadula tisanachoke n'komwe pasitolo.

"Alamu, ili limusupula mwanayu," ndinatero.

"Iii alamu, inunso mumakokomeza. Tsiku limodzi lokha?"

"Khungu lake silidziwa zoti ndi ukwati."

Anakweza mapewa. "Ana onse avala zofanana. Ngati sizitheka, ndiika mwana wina. Iyeyu akhale nanu pabenchi."

Mwanayo anali pakhomo la kuchipinda, akumva zonse. Sanalire. Anangobisa manja kumbuyo, muja amachitira akafuna kuti ndisaone kuti wakanda. Mwana ameneyu wakhala pabenchi mokwana: anzake akamasambira, anzake akamagubuduka pa udzu.

"Lisiyeni diresilo. Ayenda ndi anzake," ndinatero.

Ndinalichapa ndi sopo wopanda fungo, ndikulitsukuluza mpaka madzi kuyera, chifukwa chovala chatsopano chimabwera ndi mankhwala ake. Kenako ndinasolola nsalu ya pabedi yakalekale, ya thonje, imene kuchapachapa kunaifewetsa. Amuna anga atandipeza ndikuidula anagwira pakamwa.

"Mayi ake mwana, ndiye tizigonera chiyani?"

"Mugonera matiresi. Simufa."

Ndinapita kwa atelala a pakona. Ndinawauza kuti asokere nsaluyo m'kati monse, kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo, koma misoko iyang'ane kunja, kudiresi, isakhudze thupi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, kumeneko ndi kusoka chotembenuza."

"Tembenuzani, bambo. Woona m'katimo ndani?"

Anang'ung'udza, koma anasoka. M'khwapa tinakulitsako pang'ono kuti mphepo izipita.

Pa tsiku la ukwatilo kunatentha zedi. Ndinamudzola mafuta ake, ndikudikira kuti alowe m'khungu, kenako ndinamuveka. Mlamu anamuzungulira uku ndi uku kufunafuna cholakwika. Sanapeze, ndiye anangokonza riboni yomwe inali kale bwinobwino.

Nyimbo itayamba, anthu onse anatembenukira kwa mkwatibwi. Ine ayi. Maso anga anali pa manja a mwana wanga. Ndimawadziwa manja amenewo: sachedwa kuthawira kukhosi. Ana anayenda pang'onopang'ono, njirayo ngati siitha. Kamtsikana ka kutsogolo kanayamba kudzikanda m'khwapa, kena kakukoka kolala.

Wanga anadutsa pa benchi yanga mutu uli m'mwamba, manja onse awiri atagwira dengu la maluwa. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinalira ndithu, osabisa, mpaka amuna anga anandipatsa kampango kawo.