Bakayawo Wopanda Minga

Anatulukira Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku khumi kuti Khirisimasi ikwane, atavala nsapato zoyera ngati munthu wosadziwa kuti mumsika wa nsomba pansi sipauma. Anaima pabenchi ya bambo anga n'kuloza bakayawo, nsomba youma yamchere ija. Anagula kachidutswa koti ngakhale mphaka sangakuthokoze nako. Anati dzina lake ndi Beto.

"Nayeli, ameneyu sakufuna nsomba," anatero Doña Chole, wogulitsa nkhanu pafupi nafe. "Akufuna wogulitsayo. Pesa tsitsi, mwanawe!"

Ndinapesadi. Beto anabweranso Lachitatu, maso ake ofatsa aja akuyendayenda pabenchi, ine n'kumaganiza kuti ndi manyazi. Lachinayi ndinamuperekeza ndi maso mpaka kuseri kwa matumba a ayezi. Kumeneko anatulutsa lumo, nadula kanyama kochepa ngati chikhadabo pa nsomba imene anagula, n'kukaponya m'kabotolo. Pakabotolopo analemba nambala ya benchi yathu. Apo ndinadziwa kuti sankabwerera ine.

Bambo anali chigonere kunyumba, miyendo itatupa, ndipo benchi anasiyira ine. Kwa zaka makumi atatu akhala akugulitsa bakayawo weniweni wa kunyanja zozizira, wa minga yake. Koma amayi a kuno ku Veracruz amafuna wopanda minga pa Khirisimasi, ati ana angatsamwidwe. Choncho munthu wina wa galimoto yobiriwira atandibweretsera mabokosi awiri a nsomba yamchere yoyera mbee, yopanda munga ndi umodzi womwe, ndinalandira ndikudziona wochenjera. Sindinafunse, chifukwa yankho ndinkalidziwa: nsomba yotere ndi shaki. Akuluakulu a msika akakupeza ukunamiza anthu chotero amatseka benchi, ndipo dzina la bambo likanathera pomwepo.

Lachisanu atangofika, ndinakoka mabokosi aja n'kuwatsegula pamaso pake.

"A Beto, musavutike ndi timabotolo tanu. Ndi shaki ameneyu. Ndinagula ndine, bambo sakudziwa kanthu."

"Mayo ine!" anakuwa Doña Chole. "Anzako amaulula chikondi, iwe ukuulula nsomba?"

Beto sanaseke. Anatembenuza chidutswa chimodzi ndi chala.

"Kachidutswa ka Lachiwiri tinakayeza kale," anatero motsitsa mawu. "Ndi shaki wa mutu ngati hamala uja, tiana take. Asodzi amagwira tianati pamalo oswanirana, m'miyezi yoletsedwa. Zipsepse amatumiza kunja, nyama amathira mchere n'kusunga mpaka Disembala. Mabenchi asanu ndi awiri ali naye mumsika muno, koma aliyense akulumbira pali amake kuti ndi bakayawo. Mwayamba ndinu kunena zoona."

"Ndiye mutitsekera?"

"Sindinabwerere benchi yanu, achemwali. Ndikufuna galimoto imene imakubweretserani nsombazi. Imabwera liti?"

"Mawa, msika usanatsegulidwe. Pageti lakumbuyo, pamene amatsitsira ayezi."

"Basi. Mabokosiwa nditenga, benchi ndi yanu. Koma bambo anu mukawauze nokha, asamvere kwa mayi awa."

"Ine za eni sindinena!" anatero Doña Chole, mawu ake akumveka mpaka kwa ogulitsa mandimu.

Ndinakhala pandowa yovundikira. Ndinayamba kuseka, misozi ikutsika, manja onunkha mchere ali kumaso. Bambo adzakalipa, ndinkadziwa, mwina sabata yathunthu osandiyankhula. Koma akachira adzapeza benchi yawo ili pomwe anaisiya.

Mlendo uja analemba pepala losonyeza kuti watenga mabokosi awiri, nasayina m'munsi. Ndinaliwerenga kawiri.

"Palibe Beto apa," ndinatero.

Apo m'pamene anamwetulira koyamba.

"Beto ndi galu wa mlongo wanga. Ine ndine wa ku ofesi yoona za usodzi. Dzina langa ndi Anastasio Canul."