Kuseri kwa Chikopa

Minta Sayles ankayanika zovala pamene anaona fumbi cha kumtsinje. Linali fumbi la mahatchi ambiri oyenda pamodzi, ndipo silinkapita kutauni. Linkalunjika pamtengo waukulu wa powolokera. M'chigwa chonsecho munali mtengo umodzi wokha wa nthambi yolimba, ndipo aliyense ankaidziwa ntchito yake. Kumeneko anthu sankapitirako mthunzi.

Anataya malaya pansi n'kukwera hatchi yokalamba ya malemu bambo ake popanda n'chishalo chomwe. Sanafunse munthu kuti amene wagwidwa ndani. Ankadziwa.

Dell Rucker anali mbusa wa ng'ombe za eni ake, munthu wa nthabwala, yemwe chuma chake chonse chinali hatchi, chishalo ndi mano oyera. Anamufunsira Minta m'nyengo yozizira, ndipo Minta anavomera mawu asanathe n'komwe kutuluka m'kamwa. Koma mwamunayo anali ndi manyazi a umphawi. "Ndikukwatire ndi chishalo chokha?" ankatero. Ndiye tsiku lina anabwera akukoka ng'ombe yaikazi yofiira, ya nkhope yoyera. Minta anamutsatira kukhwawa, ndipo anaona ndi maso ake Dell akuwotcha kachitsulo pamoto n'kudula mzere pakati pa chizindikiro cha mwini chodindidwa pantchafu pa ng'ombeyo. Chizindikirocho chinali mkombero, ndipo ngakhale mwana wa dzulo ankadziwa kuti mkombero ndi wa bwana Vandiver, mwini ng'ombe zikwi zinayi ndi anyamata amfuti. Mkombero wodula pakati ndiwo unali wa Dell.

Minta anaona, koma anatseka pakamwa. Chikondi chili ndi khungu lake, komanso njala inalipo. Ng'ombe zonse za bambo ake zinasowa m'chisanu choopsa zaka zitatu zapitazo, mkuluyo n'kuzitsatira kumanda chaka chomwecho. Chizindikiro chawo, kamwezi kokhota, chinatsala pamtengo wa pachipata basi.

Atafika pamtsinje anapeza amuna khumi ndi awiri. Inali nyengo yosonkhanitsa ng'ombe, choncho panali anthu a makola osiyanasiyana. Dell anali pahatchi yake, manja omangidwa kumbuyo, chingwe m'khosi, nsonga ina ili panthambi. Chipewa chake chinali pansi. Ng'ombe ija anaimangirira pachitsa, ikubzikula ngati palibe chikuchitika. Minta anatsika pahatchi.

"Bwerera, Minta," anatero Dell. Mawu ake anali aang'ono ngati a munthu wina. "Usaone zimenezi."

"Musiyeni aone," anatero Vandiver ali pahatchi yake yakuda. "Adziwe kuti akanagona ndi chiyani. Mtsikana iwe, tikukuchitira chifundo. Umasiye wa chibwenzi suchedwa kupola."

Anyamata ake anayi anaseka. Enawo ayi. Minta anatembenukira kwa mdala Petrie, yemwe abusa onse anamusankha kuti atsogolere ntchito ya chaka chimenecho. Anali munthu wa ndevu zotuwa ndi diso limodzi lofooka, wosalankhulalankhula.

"Bambo Petrie, ng'ombeyo simunaisende."

"Tiisenderenji?" anayankha Vandiver. "Mzerewo ngwadzana. Wakhungu yemwe akhoza kuufufuza ndi chala."

"Ndikulankhula ndi bambo Petrie. Lamulo la chigwa chino limati munthu sapachikidwa chikopa chisanatembenuzidwe. Kapena linasintha bambo anga atamwalira?"

Lamulolo linalipodi. Kunja kwa chikopa munthu waluso akhoza kunamiza diso, koma kuseri kwake chipsera chakale chimaoneka chakuda ndi chozama, pamene cha posachedwa chimangoti mbuu. Minta ankadziwa bwino chimene chikopa chimenecho chikanene. Chikanena kuti mkombero ngwakale, mzere ngwatsopano, Dell ndi mbava. Sankapempha chilungamo ayi. Ankangopempha ola limodzi loti mwamunayo akhale akupumabe, popeza nzeru ina analibe.

"Ndiphe ng'ombe yanga yabwino chifukwa cha kapsala uyu?" Vandiver analavula malovu.

"Nyama mudya ndinu nomwe," anatero Petrie. "Mwanayu wanena zoona. Isendedwe."

"Ndisenda ndekha," anatero Minta. "Ngati ndi ya Dell, ndiye kuti ndi yanga."

Mmodzi mwa anyamata a Vandiver anakoka mfuti n'kulunjika pamphumi pa ng'ombe. Apo m'pamene Minta anaona makutu a hatchi ya Dell akuimirira. Hatchiyo ikanadumpha ndi phokosolo, mlandu ukanathera pomwepo, munthu ali lendee. Mnyamatayo ankadziwa zimenezo, chifukwa ankamwetulira.

"Gwirani hatchiyo kaye," anatero Minta. "Chonde, bambo, wina aigwire."

Palibe anasuntha. Kenako mlimi wina wa kumtunda, dzina lake Oakes, anatsika pang'onopang'ono n'kukagwira chingwe cha pakamwa pa hatchiyo ndi manja awiri. Mfuti inalira. Hatchi inanyamuka ndi miyendo yakutsogolo, n'kumukwekwereza Oakes mapazi awiri, chingwe cha m'khosi chili ndii. Dell anatsokomola, nkhope itafiira, koma anakhalabe pachishalo. Ng'ombe inali pansi.

Petrie anamupatsa mpeni. Minta anagwada n'kuyamba ndi mwendo wakutsogolo, kutali ndi ntchafu ija. Ankadziwa kusenda kuyambira ali ndi zaka khumi, ndipo akanafuna akanamaliza khofi asanawire. Tsiku limenelo anasenda ngati munthu wosoka nsalu ya ukwati. Ntchentche zinabwera. Dzuwa linamuwotcha pakhosi, thukuta n'kumalowa m'maso. Kawiri anadzicheka chala, magazi ake n'kusakanikirana ndi a ng'ombe. Kumbuyo kwake ankamva nthambi ikulira kwii, kwii, Dell akangosuntha pang'ono.

"Tigona pano?" anafunsa mnyamata wamfuti uja. "Mayi, mukusenda kapena mukuisisita?"

"Akuwerenga ubweya," anatero mnzake.

Minta anapitiriza kusenda. Ankayang'ana kumsewu wa kutauni, ngakhale sankadziwa kuti akudikira ndani. Wapolisi anali ulendo wa masiku awiri, ndipo ankadya Khirisimasi kwa Vandiver. Mumsewumo munalibe ngakhale galu. Anapemphera, koma pemphero lake linali la mawu amodzi okha, akuti musamutenge, musamutenge, ndipo ankachita manyazi popeza ankadziwa kuti akupempherera wolakwa.

Ng'ombe ngakhale ikule bwanji chikopa chake chimatha. Anasenda mimba, nthiti, msana, mpaka panatsala ntchafu yokha. Anaima.

"Maliza, mwana wanga," anatero Petrie motsitsa mawu. "Kuchedwa sikusintha zolembedwa."

Anamaliza. Petrie ndi Oakes anakoka chikopacho n'kuchiyala paudzu, kuseri kuli kumwamba. Mdalayo anathirapo madzi a m'botolo lake, n'kupala mafuta ndi msana wa mpeni. Amuna anatsika pamahatchi n'kuzungulira. Minta anatseka maso. Ankadikira mawu amodzi, kenako mkwapulo pahatchi, kenako kulira kwa nthambi.

Mawuwo sanabwere. Kunangoti zii, mpaka anamva madzi akuyenda mumtsinje. Anatsegula maso.

Mzere wa Dell unalipo, wofiirira, wosazama, monga ankayembekezera. Koma mkomberowo sunali wathunthu. Theka lake linali lotuwa, looneka movutikira. Theka linalo linali lakuda bii, lokhuthala, lokhota bwinobwino, ndipo kunsonga kwake kunali kakhonyo komwe Minta ankakadziwa ngati chikhatho chake, chifukwa chitsulo cha bambo ake chinapindika pomwepo tsiku lina chitagwera pamwala.

"Ichi chinadindidwa ng'ombeyi ili kathole," anatero Petrie akuloza chakudacho. "Ichi chinabwera pambuyo kudzatseka mkombero. Kamzere aka n'kadzana."

"Kamwezi ka Sayles," anatero Oakes.

Minta anakumbuka bambo ake atakhala pakhonde miyezi yawo yomaliza, akubwerezabwereza kuti munthu wotaya ng'ombe makumi asanu ndi limodzi m'chisanu si mbusa, ndi chitsiru. Amene anabwera kudzawauza kuti waona mitembo yake m'chigwembe anali Vandiver, chipewa chili m'manja, nkhope yachisoni. Mkwiyo unamukwera Minta, koma mantha anauposa, pakuti anaona manja a anyamata anayi aja akutsikira m'chiuno.

"Chikopa chimanama," anatero Vandiver.

"Zaka makumi atatu ndikutembenuza zikopa," anayankha Petrie, "ndipo ziwiri mwa izo ndinatembenuzira inu. Tsiku limenelo simunanene kuti chimanama."

"Chisanu chomwecho ine ndinataya makumi atatu," anatero Oakes, osayang'ana munthu. "Nazonso munaziona m'chigwembe, bwana."

Wina kumbuyo anati iye anataya khumi ndi zisanu. Amuna asanu ndi awiri anasendera mbali imodzi popanda wowauza, ndipo Minta anazindikira kuti iye wagwada pakati penipeni pa magulu awiriwo, wopanda pobisala. Akanangotsokomola munthu mmodzi, pakanagwa mitembo.

Petrie anakweza dzanja. "Za mkombero tikambirana tonse, ndipo titembenuza zikopa zina. Lero tabwerera munthu uyu. Ng'ombeyi ndi ya Sayles, ndipo mwini wake tsopano ndi uyu wagwadayu." Anamuyang'ana ndi diso lake labwino lija. "Minta, tiuze. Kodi Dell Rucker anakubera ng'ombe?"

Maso onse anali pa iye. Anayang'ana Dell, milomo yake yotuwa, ndi mkwingwirima womwe chingwe chinali chitamusiyira kale pakhosi. Anakumbuka kachitsulo kofiira m'khwawa muja.

"Sanandibere," anatero. "Anandibwezera."

"Mwamva," anatero Petrie. "Mumasuleni."

Vandiver anakhala kanthawi akuyang'ana Minta, ngati munthu woloweza nkhope. Kenako anatembenuza hatchi yake, anyamata ake n'kumutsatira. Enawo anagawana nyama mwachangu, osaseka, n'kubwerera kuntchito. Oakes pochoka ananong'oneza Minta kuti kwa masabata angapo asamagone pafupi ndi zenera.

Anatsala awiri. Dell atatsika pahatchi anakhala pansi ngati thumba la nyemba. Munthu wa nthabwala uja anayesa kumwetulira, koma mano ankagundana. Minta anasamba m'manja mumtsinje n'kubwera kudzaima patsogolo pake.

"Unkadziwa kuti ndi ya bambo?"

Bodza linali pafupi, ndipo linali lokoma. Minta anaona mwamunayo akuliyeza pakamwa. Akanalinena, Minta akanamukhulupirira pamaso, koma mumtima akanamusiya pomwepo.

"Ayi," anatero Dell akuyang'ana pansi. "Ndinangosankha yonenepa."

Apo m'pamene Minta analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, chifukwa m'ng'ombe zikwi zinayi dzanja la Dell likanatha kugwera ina iliyonse. Dell anafuna kumugwira, koma iye anamukankha dzanja. Atatha anapukuta maso ndi mkono, n'kukwera pahatchi ya Dell, n'kuimirira pachishalo kumasula chingwe chija panthambi. Anachikulunga bwinobwino n'kuchikoleka paphewa.

"Chimenecho n'chachiyani?" anafunsa Dell. "Chitaye mumtsinje."

"Tenga chikopacho, tizipita dzuwa lisanalowe," anatero Minta. "Ukwati ulipo Loweruka monga tinapangana. Koma ichi ndikachipachika pamwamba pa chitseko chathu, pomwe uzidutsa m'mawa uliwonse popita ku ng'ombe za eni ake."