Tsamba Lomwe a Daka Sanatumize

"Lemba chabe kuti batate bamwalira," anatero Eugene, akukankhira laputopu kwa mlongo wake. "Bazungu bakali kutuma foni, bafuna njinga."

Natasha anailandira monyinyirika. Panja pa nyumba yawo ku komboni ya Dambwa azibambo a mumpingo anali kugwetsa tenti ya maliro. Panali patatha masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, a Fackson Daka, amene ankayendetsa alendo panjinga kuwaonetsa misika ndi makomboni. Webusayiti ya kabizinesiko anapanga ndi Natasha yemweyu.

Zaka zinayi zapitazo, Natasha atapeza ntchito ku Kitwe, a Daka anakalipa kuti wathawa banja. "Chotsa dzina lako pa intaneti yanga!" anatero. Iye, poti makani anatengera kwa iwo omwewo, anachotsa tsiku lomwelo, ndi chithunzi chomwe. Kuyambira pamenepo, zii. Koma mwezi uliwonse ankatsegula webusayitiyo pafoni mwakabisira, kuti mwina apezapo chasintha. Sankapezapo kanthu. Tsopano chinkamudya mumtima n'chakuti bambo ake apita asanamukhululukire.

Natasha anatsegula pulogalamu yopangira masamba a webusayitiyo. Kumanzere kunali masamba osungidwa m'laputopumo, kumanja amene ali pa seva, omwe dziko lonse limaona. Mbali ziwirizi zinayenera kufanana. Koma tsamba limodzi, lofotokoza eni bizinesi, linali ndi kachizindikiro kosonyeza kuti linasinthidwa mu Febuluwale ndipo silinatumizidwe.

"Eugene, ndani anagwira apa?"

"Ine? Nidziwa chabe kupopa matayala."

"Ni batate bako," anatero mayi awo, a Beauty, ali pakhomo ndi mulu wa zitenje za olira. "Mawiki atatu bamalemba, na chala chimodzi, magalasi pamphuno. Nikakamba kuti tiitane munthu abathandize, ati iyayi, izi ni zanga na mwana wanga. Pothera banadina, ati, 'Yapita. Azaona.'"

"Banadina posunga, amama," anatero Natasha. "Kusunga si kutumiza. Siinapite kulikonse. Yakhala muno chabe."

A Beauty anakhala pansi mwadzidzidzi, zitenje zili pamwendo.

"Mayo ine! Foni ikalira, bamathamangira, olo bali na girizi m'manja. Bamaganiza kuti unaona koma wakana."

Apa ndiye Natasha analira, kulira kumene kunamukanika kumanda. Miyezi isanu ndi iwiri, wina akudikira foni ku Dambwa, wina akusuzumira tsamba ku Kitwe! A Daka kupepesa pakamwa kunali ngati kuwazula dzino, ndiye tsiku limodzi lomwe anayesa, batani linawapusitsa. Komabe pansi pa chisonicho Natasha anamva kupepukidwa: sanapite atamukwiyira.

"Nanga balemba chani?" anafunsa Eugene. "Tsegula tione."

"Iyayi," anatero Natasha, akupukuta misozi ndi mkono. "Bamafuna niione pa intaneti. Nizaionera pamenepo."

Chidziwitso cha maliro anachisiya kaye. Analemba pasiwedi yake yakale, ndipo seva inamulola kulowa. Anasankha tsamba la bambo ake osasinthapo kanthu, n'kudina potumiza. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kudzaza. Kenako anatenga foni yake, natsegula webusayitiyo monga ankachitira ku Kitwe, mayi ndi mlongo wake atamuunjirira.

Chithunzi chake chinali pamwamba penipeni, chopendekeka pang'ono. Masamba ena onse anali m'Chingerezi cha alendo, koma pansi pa chithunzicho a Daka analemba m'Chinyanja cha panyumba. A Beauty ndi amene anawerenga mokweza, akulondola ndi chala:

"Uyu ni Natasha, mwana wanga woyamba. Ndiye anayambitsa zonse izi. Ali ku Kitwe pa nchito. Njinga yake ilipo, sitibwereketsa munthu."